Mayina a pa intaneti amene foni yanu siwadziwa: ma DNS apambali ndi chimene chikuwalepheretsa kufalikira

Masiku ano pa intaneti pali malonda a mayina othera ndi .crypto, .eth, .nft kapena .wallet. Ogulitsa ena amalonjeza kuti mukalipira kamodzi, dzinalo ndi lanu mpaka kalekale, ndipo palibe boma kapena kampani imene ingakulandeni. Munthu amalipiradi, n'kulilemba pa Chrome ya m'foni mwake, koma chotuluka ndi uthenga woti tsambalo silikupezeka, mwinanso Google imangomuonetsa zotsatira za kafukufuku ngati kuti wafunsa funso. Kodi wabedwa? Nthawi zambiri ayi. Dzinalo lilipo ndithu, kungoti linalembedwa m'kaundula amene foni yake sipita kukafunsako.

Nkhaniyi yatenthanso chifukwa bungwe la ICANN, lomwe limayang'anira mayina a pa intaneti, linakonza zoti mu 2026 litsegulenso mwayi wofunsira mathero atsopano a mayina, koyamba chichokereni 2012. Ena mwa mathero amene makampani angawafune ndi omwewo amene akugulitsidwa kale kumbali.

Mmene dzina limasandukira nambala

Makompyuta amapezana ndi manambala otchedwa adiresi ya IP, monga 93.184.216.34. Anthu timakumbukira mayina. Dongosolo losandutsa dzina kukhala nambala ndi limene limatchedwa DNS, ndipo analikonza ndi Paul Mockapetris mu 1983. Chaka chimenecho chisanafike, mayina onse ankalembedwa m'fayilo imodzi yotchedwa HOSTS.TXT, yosungidwa ku Stanford Research Institute ku California, ndipo aliyense ankakopera fayiloyo. Makompyuta atachuluka, njirayi inakanika.

DNS imagwira ntchito ngati mlendo wofuna nyumba ya munthu kudera limene sanafikeko. Amayamba kwa T/A. A T/A sadziwa khomo lililonse, koma amadziwa gulupu wa mbali imeneyo. Gulupu amamulozera kwa nyakwawa, ndipo nyakwawa ndi amene amaloza nyumba. Mukalemba dzina lothera ndi .mw, foni yanu siyenda yokha ulendowu. Imatuma kompyuta ina yotchedwa resolver, imene ntchito yake ndi kufunsira ena njira, ndipo kawirikawiri imakhala ya kampani imene ikukupatsani intaneti. Resolver imayamba kufunsa pamwamba penipeni, pamalo otchedwa root, kapena kuti muzu. Muzuwo umayankha kuti za .mw zili ndi maseva akutiakuti, omwe amayang'aniridwa ndi Malawi SDNP. Maseva a .mw amaloza seva ya mwini dzinalo, ndipo iyo ndi imene imapereka nambala. Yankho likapezeka, resolver imalisunga kwa masekondi amene mwini dzina anaika, kuti wofunsa wotsatira asadikire. Ulendo wonsewu nthawi zambiri sukwana sekondi imodzi.

Muzu uli ndi mayina a maseva 13, kuyambira a.root-servers.net mpaka m.root-servers.net, oyendetsedwa ndi mabungwe 12 (Verisign ili ndi awiri, A ndi J). Makina enieni amene akuyankha pansi pa mayina 13 amenewa ndi oposa 1,000, omwazika padziko lonse. Zimene amasunga si zambiri: ndi mndandanda wa mathero oposa 1,400, monga .com, .org, .mw, .zm, .za ndi .africa, pamodzi ndi maseva a aliyense.

Pagona nkhani ndi apa. Resolver imadziwa kumene kuli muzu chifukwa pulogalamu yake imabwera ndi kafayilo kakang'ono kotchedwa root hints, kokhala ndi maadiresi a maseva 13 aja. Aliyense woyendetsa resolver angathe kufufuta kafayiloko n'kuikapo maadiresi ena, ndipo kuyambira pamenepo anthu onse odalira resolver yake amayamba kuona dziko lina la mayina. Mphamvu ya muzu wa ICANN sichokera ku loko kapena kwa apolisi. Imachokera pa mfundo yakuti pafupifupi makina onse padziko amabwera atalozedwa kale kumeneko, ndipo eni ake sasintha. DNS yapambali ndi dongosolo lililonse limene limayankha mayina kuchokera m'kaundula wina osati umenewu.

Chimene chimakankhira anthu kumbali

Choyamba ndi ndalama. Mu 1995 kampani ya Network Solutions, imene panthawiyo inali yokha yolembetsa .com, .net ndi .org, inayamba kulipiritsa madola 100 pa zaka ziwiri. Anthu amene anazolowera kulembetsa ulere anakwiya. Lero dzina la .com ndi lotsika mtengo, koma kukhala ndi mathero akoako ndi nkhani ina: mu 2012 kungofunsira kunali madola 185,000, ndipo ICANN inalandira mafomu 1,930. Pa ulendo wa 2026 mtengo unaikidwa pa madola 227,000, osawerengera maloya, makina ndi chindapusa cha chaka ndi chaka.

Chachiwiri ndi kulandidwa. Popeza .com ndi .net zimayendetsedwa ndi Verisign, kampani ya ku America, khoti la kumeneko lingathe kulamula kuti dzina lilozedwe kwina ngakhale mwini wake ali kutsidya kwa nyanja. Mu Novembala 2010 boma la America linalanda mayina 82 tsiku limodzi powaganizira kuti akugulitsa katundu wachinyengo ndi kuba ntchito za ena. Mu 2011 linalanda mayina a Rojadirecta, tsamba la ku Spain loloza kumene anthu angaonere mpira, ngakhale makhoti a ku Spain anali atanena kale kuti tsambalo silinaphwanye lamulo. Mayinawo anabwezedwa mu 2012, patapita chaka ndi theka.

Chachitatu ndi ndale za maiko. Mpaka pa 1 Okutobala 2016, kusintha kulikonse kwa muzu kunkadutsa m'manja mwa nthambi ina ya boma la America. Mgwirizano umenewo unatha, koma ICANN idakali bungwe lolembetsedwa ku California, ndipo maiko ena sizimawakomera. Russia inakhazikitsa lamulo mu 2019 lofuna kuti dzikolo likhale ndi dongosolo lakelake la mayina loti lizigwirabe ntchito likadulidwa kunja. Oikira kumbuyo ICANN amakumbutsa za 2022, pamene Ukraine inapempha kuti .ru ya Russia ichotsedwe m'muzu nkhondo itayamba, ICANN n'kukana ponena kuti ntchito yake si yopereka zilango. Mbali zonse ziwiri zimatchula nkhani yomweyi: ena amati ikusonyeza kuti dongosolo ndi lodalirika, ena amati ikusonyeza kuti pali khomo limodzi limene munthu angagogodepo kuti dziko lonse lizimitsidwe.

Oyamba kuyesa

AlterNIC inayamba chapakati pa zaka za m'ma 1990 ndi mathero akeake. Vuto linali loti anthu ochepa kwambiri ndi amene ankawaona. Mu Julayi 1997 mmodzi wa eni ake, Eugene Kashpureff, anagwiritsa ntchito chibowo cha m'mapulogalamu a DNS a nthawiyo n'kudyetsa ma resolver ambiri yankho labodza, moti anthu ofuna tsamba la InterNIC, kumene Network Solutions inkalembetserako mayina, ankapezeka ali pa AlterNIC. Anamugwira ku Canada, ndipo mu 1998 anavomera mlandu ku America. Anthu anaidziwadi AlterNIC, koma anaidziwa ngati chigawenga.

New.net inabwera mu 2001 ili ndi ndalama za kampani ya Idealab, ikugulitsa mayina othera ndi .shop, .kids ndi ena. Inazindikira kuti munthu wamba sadzasintha yekha zoikamo za kompyuta yake, choncho inachita ziwiri: inagwirizana ndi makampani ena opereka intaneti ku America, monga EarthLink, kuti ma resolver awo aziyankha mayinawo, komanso inalowetsa kapulogalamu kake m'mapulogalamu ena aulere amene anthu ankatsitsa. Ambiri anangozindikira kuti kali m'kompyuta mwawo asanakapemphe, makampani a antivayirasi anayamba kukachotsa, ndipo patapita zaka New.net inatha. Lero .shop ndi .kids zili m'muzu wa ICANN, m'manja mwa ena.

OpenNIC, imene inayamba mu 2000, ilipobe. Imayendetsedwa ndi anthu odzipereka, mathero atsopano amavomerezedwa povota, ndipo mayina monga a .geek, .libre, .oss ndi .pirate amaperekedwa ulere. Ma resolver ake amayankha mayina onse a ICANN kuphatikizapo ake, ndiye wosamukirako sataya kanthu pa zimene ankaona kale. Yakhala zaka zoposa 20 ili yaing'ono, ndipo zikuoneka kuti mamembala ake ambiri sizikuwadetsa nkhawa.

Kaundula wopanda mlembi

M'badwo wachiwiri unabwera ndi blockchain, kaundula amene makope ake amasungidwa ndi makompyuta ambirimbiri nthawi imodzi, moti palibe mmodzi angafufute mzere payekha. Mwini dzina ndi amene ali ndi kiyi wachinsinsi, nambala yaitali imene amasainira nayo kusintha kulikonse.

Namecoin, ya mu Epulo 2011, inali yoyamba, ndipo inatengedwa pa pulogalamu ya Bitcoin. Mayina ake amathera ndi .bit. Kulembetsa kuli pawiri: poyamba mumatumiza chidindo chobisa dzina limene mukufuna, n'kudikira mabuloko 12 (buloko ndi tsamba latsopano la kaundulayo), kenako n'kuliulula. Amatero kuti wina woonerera kaundulayo asakuthamangireni. Mtengo ndi 0.01 ya ndalama ya Namecoin, ndipo dzina limafa pakadutsa mabuloko 36,000, pafupifupi masiku 250, ngati simunalikhudze.

ENS inayamba pa blockchain ya Ethereum mu Meyi 2017 ndi mayina a .eth. Dzina la zilembo zisanu kapena kuposa ndi madola 5 pachaka, la zilembo zinayi ndi 160, la zitatu ndi 640, kuwonjezapo chindapusa cha Ethereum chimene chimakwera ndi kutsika malinga ndi kuchuluka kwa anthu. Likatha nthawi, mwini amapatsidwa masiku 90 oti alipire lisanatsegulidwe kwa ena. Choncho mawu aja oti "lanu mpaka kalekale" sakhudza .eth. Amene amagulitsa kamodzi kokha ndi kampani ya Unstoppable Domains, mwini wa .crypto ndi .nft.

Handshake, ya mu Febuluwale 2020, ndi imene inalimba mtima kwambiri, chifukwa cholinga chake ndi kulowa m'malo mwa muzu weniweniwo. Imagulitsa mathero athunthu pa okushoni yobisa: masiku pafupifupi 5 oika mitengo mosaonetsana, masiku pafupifupi 10 oulula, ndipo wopambana amalipira mtengo wa amene wamutsatira. Ndalamazo sizipita kwa aliyense, zimawonongedwa. Pofuna kupewa mikangano, oyambitsa anasungira eni ake mathero onse amene anali kale m'muzu wa ICANN, pamodzi ndi mayina 100,000 a masamba otchuka.

Palinso gulu lachitatu limene silitsanzira DNS n'komwe. Adiresi ya .onion ya pa Tor, dongosolo lobisa amene akutsegula tsamba ndi kumene tsambalo lili, ndi zilembo ndi manambala 56 ochokera ku kiyi wa mwini tsambalo. Palibe kaundula, palibe wolembetsa, ndipo palibe angakhale ndi dzina lanu popanda kiyi wanu. Mtengo wake ndi woti palibe munthu angaliloweze pamtima. Zooko Wilcox-O'Hearn anafotokoza vutoli mu 2001: dzina timafuna likhale losavuta kukumbukira, losatheka kubedwa, komanso lopanda mfumu imodzi, koma kupeza zitatu zonsezi pamodzi n'kovuta. DNS ili ndi ziwiri zoyambirira, .onion ili ndi ziwiri zomalizira. A blockchain amati apeza zonse zitatu, ndipo pa luso la makompyuta zimenezi zili ndi umboni. Chimene sanachipeze ndi chachinayi chimene sichili pamndandandawo, chomwe ndi anthu ofunsa.

Kuti dzina lotere litseguke

Pali njira zinayi, ndipo iliyonse ili ndi pogwera.

Yoyamba ndi kusintha resolver. Pa kompyuta kapena pa rauta mumachotsa adiresi ya DNS ya kampani yanu n'kuikapo ya OpenNIC kapena ya resolver yodziwa Handshake. Pa foni ya Android 9 kupita m'tsogolo pali malo olembedwa Private DNS, koma salandira nambala. Amafuna dzina la seva, ndipo sevayo iyenera kuyankha mobisa, zomwe si ma resolver onse apambali amachita. Mukatha kusintha, bulawuza ikhoza kukudumphanibe: Firefox ndi Chrome zimatha kutumiza mafunso a DNS kudzera mu HTTPS, njira yobisa imene masamba otetezeka amayendera, kupita ku seva yosankhidwa m'bulawuza momwemo, osalabadira za rauta. Firefox inayamba kuchita zimenezi yokha kwa anthu a ku America mu Febuluwale 2020, ikutumiza kwa Cloudflare. Komanso bulawuza ikaona mathero amene siwadziwa imaganiza kuti mukufufuza mawu, ndiye muyenera kuyamba ndi http:// kapena kumaliza ndi chizindikiro cha /.

Choopsa chachikulu pa njirayi sichikhudza mayina atsopanowo. Resolver imene mwasankha imayankha mafunso anu onse, kuphatikizapo dzina la banki yanu. Imaona tsamba lililonse limene mukupitako, ndipo itafuna ingakulozeni kolakwika. Ngati ikuyendetsedwa ndi munthu mmodzi wodzipereka amene simukumudziwa, mwangosamutsa chikhulupiriro chanu kuchoka ku kampani yodziwika kupita kwa iyeyo. Ndipo tsiku limene watopa n'kuzimitsa seva, intaneti yanu yonse imaoneka ngati yaduka.

Yachiwiri ndi bulawuza yodziwa kale mayinawa, monga Brave ndi Opera zimene zimatha kutsegula ena a ENS ndi a Unstoppable Domains, kapena kapulogalamu kowonjezera pa bulawuza. Izi zimathandiza m'bulawuzamo mokha. WhatsApp, pulogalamu ya imelo ndi zina zonse za m'foni zimakhalabe zosadziwa kanthu. Chrome ndi Safari, zimene anthu ambiri padziko amagwiritsa ntchito, sizinalowemo.

Yachitatu ndi mlatho: kuphatika dzina wamba kumapeto kwa dzina lapambali, monga kulemba chakuti.eth.limo m'malo mwa chakuti.eth. Imagwira pa foni iliyonse popanda kusintha kanthu, n'chifukwa chake ndi yotchuka. Koma mlathowo ndi dzina wamba la DNS, lokhala ndi zofooka zonse zimene anthu ankathawa. Zinaoneka mu 2022 ndi eth.link, mlatho umene masamba ambiri a .eth ankadalira. Unalembetsedwa ku kampani yogulitsa mayina ya GoDaddy m'dzina la munthu mmodzi amene panthawiyo anali m'ndende ku America. Dzinalo linaonedwa ngati latha nthawi, linagulitsidwa pa okushoni, ndipo a ENS anachita kupita kukhoti kuti alibweze. Dongosolo lomangidwa kuti lisadalire makhoti linapulumutsidwa ndi woweruza.

Yachinayi ndi kuyendetsa nokha pulogalamu yosunga kapena yotsimikiza kaundulayo. Iyi yokha ndi imene imakwaniritsa lonjezo losadalira munthu wapakati. Imafuna malo pa disiki, bandulo yokwanira, magetsi okhazikika ndi luso, ndipo pa foni wamba sizichitika kawirikawiri.

Kaloko ka pa bulawuza

Tinene kuti dzina latseguka. Chotsatira ndi chenjezo lofiira loti tsambali si lotetezeka. Kuti tsamba liyende pa HTTPS limafuna satifiketi yosainidwa ndi bungwe limene mabulawuza amalikhulupirira. Mabungwe amenewa amatsatira malamulo a CA/Browser Forum, ndipo malamulowo analetsa kupereka satifiketi ku mayina amene sali m'muzu wovomerezeka kuyambira mu Novembala 2015. Zakale zonse zinayenera kufafanizidwa pofika Okutobala 2016. Let's Encrypt, imene imapereka masatifiketi ulere, singapereke ku .bit, .geek kapena .crypto. Chifukwa chake n'chomveka: ngati dzina limodzi lingakhale ndi eni awiri m'makaundula awiri, satifiketi ikutsimikizira uti?

Njira yozembera ilipo. Imatchedwa DANE, inalembedwa mu 2012, ndipo imalola mwini dzina kuika chidindo cha satifiketi yake mu DNS momwemo. Mabulawuza akuluakulu sanaitenge. Otsatira Handshake amaika kapulogalamu pakati kamene kamatsimikiza DANE n'kupanga satifiketi yapompopompo, koma kuti zitheke muyenera kuuza kompyuta yanu kuti izikhulupirira wosaina watsopano. Sitolo singauze kasitomala aliyense kuchita zimenezi asanagule. Popanda HTTPS, bulawuza imakananso kupereka kamera, maikolofoni ndi malo amene muli ku tsambalo.

DNSSEC nayo imatchinga. Ndi dongosolo losainira mayankho a DNS, ndipo muzu unasainidwa mu Julayi 2010. Resolver yotsimikiza masaini imabwera ndi kiyi wa muzu wa ICANN. Ikafunsa za .bit, muzu sumangokhala chete. Umapereka umboni wosainidwa woti mathero amenewo kulibe. Yankho lina lililonse limaoneka ngati labodza pokhapokha woyendetsa resolver ataikamo kiyi wina ndi dzanja.

Imelo ndiye yovutitsitsa. Inu mukhoza kukonza kompyuta yanu bwinobwino, koma wina akakulemberani kuchokera ku Gmail, amene amafunsa njira ndi maseva a Google, osati anu. Kalatayo imabwerera. Mukalemba inu, seva yolandira imafufuza dzina la wotumiza, silipeza, n'kuitaya kalatayo ngati zinyalala. Ngakhale mathero ovomerezeka amene anabwera pambuyo pa 2012 amakanidwabe ndi mafomu ena a pa intaneti amene analembedwa kalekale poganiza kuti mathero sapitirira zilembo zitatu. Ngati amene ali m'muzu akuvutika chonchi patatha zaka zoposa khumi, nanga amene ali kunja?

Matambala awiri m'khola limodzi

Mu Meyi 2000 akatswiri a Internet Architecture Board anatulutsa chikalata cha RFC 2826 chonena kuti intaneti imafuna muzu umodzi, apo ayi anthu awiri olemba dzina lofanana adzafika malo osiyana. Chaka chomwecho chisanathe, ICANN inavomereza .biz, pamene kampani ya Atlantic Root Network inali ikugulitsa kale .biz m'muzu wapambali. Ya ICANN itayamba mu 2001, ogula akale aja anatsala ndi mayina amene dziko lonse linkawaona kuti ndi a anthu ena. OpenNIC inakumana nazo pa .free: ICANN itaipereka kwa Amazon, mamembala anasamukira ku .libre.

Apambali amagundanso okhaokha, poti alibe wowaweruza. Unstoppable Domains inagulitsa .coin pamene blockchain ina yotchedwa Emercoin inali nayo kuyambira 2014, ndipo mu Okutobala 2022 inasiya kuyankha mayinawo, ogula n'kupatsidwa mwayi wotenga mayina ena. Chaka chomwecho inasumira kukhoti ogulitsa .wallet ya pa Handshake. Apa nkhani si ya tsamba lolakwika chabe, chifukwa mayinawa amagwiritsidwa ntchito polandira ndalama. Taganizani nambala imodzi ya foni itakhala ya anthu awiri, ndipo amene alandire ndalama zimene mwatumiza akutengera pulogalamu imene mwatumizira. Pa blockchain, ndalama ikapita yapita. Kulibe ofesi yokadandaula.

ICANN nayo inaphunzirapo kuti mayina ogwiritsidwa ntchito kumbali sangangonyalanyazidwa. Makampani ambiri ankatcha makina a m'maofesi mwawo ndi .corp, .home ndi .mail osauza aliyense. Mafunso otayikira ku muzu anali ochuluka kwambiri moti mu 2018 ICANN inaganiza zosapereka mathero atatuwa kwa wina aliyense. Kwa mathero ena atsopano inalamula kuti kwa masiku 90 oyambirira aziyankha ndi adiresi ya 127.0.53.53, kuti woyang'anira makina akaiona m'zolemba zake adziwe kuti dzina lake lamkati lagundana ndi lapagulu.

Ndani akukhala m'mayinawa

Ofufuza a ku Princeton University anawerenga kaundula wa Namecoin mu 2015. Pa mayina pafupifupi 120,000 olembetsedwa, anapeza 28 okha amene sanali ongosungidwa kuti adzagulitsidwe komanso anali ndi zinthu zenizeni. Dzina likakhala lotchipa ndipo palibe angalilande, amayamba kufika ndi ogula minda yoti adzagulitse. Mu DNS wamba muli njira ya UDRP, ya mu 1999, imene mwini chizindikiro cha malonda amadandaulira ku mabungwe monga WIPO kuti alande dzina kwa wolisunga mwachinyengo. Pa blockchain palibe amene angakwaniritse chigamulo chotero. Kampani yaikulu ikapeza kuti dzina lake linatengedwa kale, imangokhala kutali.

Kusalandika komweko kumagwiranso mwini wake. Mukataya kiyi wachinsinsi, dzina lapita. Wina akakuberani kiyiyo, dzina ndi lake, ndipo kaundula adzamuchitira umboni.

Enanso amene anakopeka ndi opanga mavayirasi. Apolisi ndi makampani a chitetezo amagwetsa magulu a makompyuta obedwa polanda dzina limene amalandirirako malamulo. GandCrab, pulogalamu yotseka mafayilo n'kufuna dipo, inagwiritsa ntchito .bit, ndipo BazarLoader inagwiritsa ntchito .bazar ya Emercoin, pothawa zimenezi. Mu 2019 mamembala a OpenNIC anavota kuti asiye kuyankha .bit, chifukwa maseva awo ankaikidwa pa mindandanda ya oletsedwa. Oyang'anira makompyuta m'makampani ambiri amatseka mafunso oterewa akangowaona. Mtolankhani wothawa boma lankhanza ndi wakuba wothawa apolisi amafuna chinthu chofanana, ndipo kaundula satha kuwasiyanitsa.

Tinenenso kuti anthu akatsekeredwa, kawirikawiri sathamangira ku muzu wina. Boma la Turkey litatseka Twitter mu Malichi 2014, anthu analemba 8.8.8.8 pa makoma. Imeneyi ndi resolver ya Google, yofunsa muzu womwewo wa ICANN. Chimene ankafuna ndi Twitter imene aliyense akuidziwa, osati dzina latsopano.

Amene apeza pokhala

.onion inaloledwa mwalamulo mu Okutobala 2015 kudzera m'chikalata cha RFC 7686, chimene chinaiika pa mndandanda wa mayina apadera: sidzaperekedwa kwa wina aliyense, ma resolver wamba sayenera kuifunsa ku muzu, ndipo ingathe kulandira satifiketi. Chinathandiza n'chakuti Facebook inali itatsegula kale tsamba la .onion mu 2014 lokhala ndi satifiketi ya DigiCert, ndipo lamulo la CA/Browser Forum lija likanaipha. Tor ilinso ndi bulawuza yakeyake, ndiye sidikira chifundo cha Chrome.

ENS inakula pa ntchito imene DNS sinkaichita: kuika dzina losavuta pa adiresi ya zilembo 42 ya waleti, chikwama chosungira ndalama za pa blockchain. Mapulogalamu a waleti anali atsopano, analibe chizolowezi chakale choti aswe, ndipo anailandira msanga. Kuyambira 2021 ENS imalolanso mwini dzina wamba, la .com kapena lina lililonse losainidwa ndi DNSSEC, kulilowetsa m'dongosolo lake m'malo mogula latsopano. Oyendetsa ake anasankhanso kusapanga mathero ena kupatula .eth.

Mu 2023 IETF, bungwe lolemba malamulo a kayendedwe ka intaneti, inapatula .alt kudzera mu RFC 9476, kuti madongosolo amene si DNS aziika mayina awo pansi pake popanda mantha ogundana ndi muzu. GNU Name System, imene inalembedwa mu RFC 9498 chaka chomwecho, imagwiritsa ntchito .gns.alt. Ogulitsa mayina sanathamangireko, chifukwa chakuti.crypto.alt sichikoma m'kamwa ngati chakuti.crypto. Mu 2024 ICANN inapatulanso .internal kuti makampani azitchulira makina awo amkati.

Makampani ena a mayina a blockchain, kuphatikizapo Unstoppable Domains, tsopano analowa okha m'dongosolo la ICANN ngati ogulitsa ovomerezeka, ndipo ena alengeza kuti akufuna kufunsira mathero awo pa ulendo wa 2026. Akapambana, mayinawo adzatseguka pa foni iliyonse, koma adzakhala pansi pa UDRP, makhoti ndi chindapusa cha chaka ndi chaka. Akapambana ena, zidzakhala ngati za .biz. Nkhani ya .eth ndi yapadera: ETH ndi chidule cha zilembo zitatu cha dziko la Ethiopia pa mndandanda wa ISO 3166, ndipo malamulo a ICANN a mu 2012 sankalola aliyense kufunsira zidule zotere.